Msewu wa Lole ya Chancy

Lukwa, Kasungu
9 Febuluwale 2014

Mlongo wanga Chancy,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni kumeneko. Kuno tilipo, mayi ndi mawondo awo aja basi. Ndine mchemwali wako Lonjezo. Ndadzitchula chifukwa patha zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni iwe, mwina unaiwala kalembedwe kanga.

Envulopu yako Lucious, wonyamula katundu ndi makalata a ku Joni uja, anatipatsa atangotsika basi. Tinaikutumula kawiri konse, koma munangogwa chithunzi chimodzi ndi kapepala ka mawu awiri akuti “Ndili bwino”. Zikomo, sunatope nako kulemba. Koma chithunzicho chatisokoneza mitu. Wakhala pampando, manja onse awiri pa chiwongolero chachikulu, kutsogolo kwako kuli msewu wa tala wopanda dzenje ndi limodzi lomwe, ndi mapiri oyera pamwamba. Iwe, Chancy? Iwe amene unagwetsera njinga ya malemu bambo m'chitsime cha kudimba, lero ukuyendetsa lole?

Mayi anachiyang'ana tsiku lonse, kenako anachiika m'buku lawo la nyimbo. Amalume a Yobu anachibwereka kuti akachione bwino ndi magalasi awo, ndipo chafika kale kutchalitchi, kuchigayo ndi kumsonkhano wa kalabu ya fodya. Chinabwerako chili ndi zala za mudzi wonse.

Nkhani yanga ndi iyi. Mwamuna wanga uja Masautso anandisiya, anapita kukakwatira ku Mtunthama, ndipo sindikumulira. Zaka zisanu ndi zitatu fodya ndimalima ine, dzina pa belo limakhala lake, ndipo theka amaligulitsa kwa mavenda likadali m'chigafa. Chaka chino ndalembetsa dzina langa kukalabu. Ndikufuna mabelo anga akalowe ku okushoni, pepala lituluke lolembedwa Lonjezo, ndilione ndi maso angawa. Tsamba labwera bwino kwambiri. Ndinathira feteleza wa makuponi awiri, yanga ndi yako. Usadabwe. Amalume ali mu komiti ya makuponi ndipo sanakufufute m'kaundula, ndiye pa pepala ndiwe mlimi wakhama kuno ku Lukwa, sunajombepo chaka ndi chimodzi chomwe. Akuti fetelezayo ndi wa chimanga, koma fodya wanga sadziwa kuwerenga zolemba pa thumba.

Za mayendedwe ukudziwa kale. A Tariq a ku Santhe ndiwo amatinyamulira mabelo, ndipo amatseka kulemba mayina Malichi akamatha. Lole yawo imaima kumsewu waukulu chifukwa khwawa la Kanyerere silidutsika, ndiye timayamba tavutika ndi ngolo.

Tandiuza za loleyo. Ndi ya ndani? Imapita kuti? Utipatsenso nambala ya foni, yakale ija imangoyankha mzungu wamkazi.

Ndine mchemwali wako,
Lonjezo

*

Boksburg
2 Malichi 2014

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa mayi ndi kwa onse. Ine ndili bwino. Ndakondwa kumva za fodya wanu, ndipo za alamu aja sindinenapo kanthu, Mulungu wakuonani.

Koma chithunzi chija mwachimva molakwika. Kulibe lole. Ndi masewera a pakompyuta.

Ine ntchito yanga ndi yomwe ija, yosamalira maluwa ndi kusesa pabwalo pa mzungu wokalamba. Mkuluyu anali dalaivala wa malole zaka makumi atatu. Maso atayamba kumuvuta, adokotala anamuletsa kuyendetsa, ndipo ankangokhala pakhonde n'kumatukwana magalimoto odutsa. Mwana wake ndiye anamugulira kompyuta, kanema wamkulu, chiwongolero chomangirira patebulo ndi zopondera pansi. Iye akayendetsa pang'ono mutu umamupweteka, ndiye masana ndikamaliza kuthirira amandiitana. Ine ndimayendetsa, iye amakhala pambali ngati pasinjala, akudya mabisiketi ndi kundikalipira magiya mpaka tulo timutenge.

Achemwali, sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji kukoma kwake. Si mpikisano ayi, palibe wothamangitsana naye, palibe kuwomberana. Amangokupatsa katundu, mwina mapaipi, mwina matumba a shuga, n'kukuuza tauni yokasiya. Ukatero umangoyenda. Injini imalira pansipansi, wailesi ikuimba, mitengo ikudutsa. Nthawi zina mvula imayamba, madontho n'kumagwa pagalasi, iwe n'kuyatsa mawaipa. Dzana ndinayenda makilomita mazana asanu ndi limodzi m'dziko la mapiri, ndipo pofika ndinabweza ngolo ya loleyo chammbuyo mpaka pamalo pake osagunda kanthu. Mkulu uja anadzuka n'kundiwombera m'manja.

Mukudziwa kuti mapepala anga anatha kalekale. Ndikamapita kusitolo kuno maso amakhala kumbuyo, ndikaona galimoto ya polisi ndimakhota ngakhale kumene sindikupita. Koma mumsewu wa m'kanemamo palibe amene amandiimitsa kuti aone pasipoti. Palibe wondifunsa kuti kwanu n'kuti, ubwerera liti, watisungira chiyani. Ukagwera m'ngalande umangodina batani, lole n'kubwerera pamsewu, palibe maliro. Ola limodzi limenelo mtima wanga umakhala pansi. Kwina konse sukhala pansi.

Ndiye muwauze amalume asavutike. Za foni ndikuuzani bwino ulendo wina, pakali pano ili ndi vuto.

Mlongo wanu,
Chancy

*

Tikondane Kalabu
Lukwa
20 Malichi 2014

Mphwanga Chancy,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine malume wako Yobu ndili bwino, pamodzi ndi maudindo onse amene anthu anandisenzetsa: ulembi wa kalabu, komiti ya makuponi ndi ukulu wa mpingo.

Kalata yako kwa Lonjezo ndinaiwerenga ine pamaso pa banja, popeza Lucious amasiya makalata kwa ine. Ndinaiwerenga kawiri ndipo ndinaimva. Wakula, mphwanga. Ng'oma yolira sikhalira kusweka. Munthu wa ku Joni akapeza chinthu salengeza, amaopa nsanje ndi opempha. Ngakhale ine ndikadakhala ndi lole ndikadati ndi masewera.

Koma malume wako si mwana. Mu 2009 unalemba kuti ulibe ntchito, Lucious anakupeza uli mu jekete lachikopa. Mu 2011 unati ulibe foni, anakuona nazo ziwiri. Tinaphunzira kawerengedwe ka makalata ako: ukati palibe, ndiye kuti chilipo. Ndiponso wadziulula wekha. Wati unanyamula mapaipi, unayenda makilomita mazana asanu ndi limodzi, mvula inakupeza panjira. Masewera ake ati ogwa mvula? Ine kompyuta ndinaionapo ku boma pamene timakasiya kaundula, ndipo inalibe chiwongolero. Za mzungu wogona pambali ndazimvanso. Ndiye kuti wafika polemba ntchito mzungu. Anthu anaombera m'manja pamenepo.

Tsono tamvera zimene tachita. Ndinapita ndekha ku Santhe kukauza a Tariq kuti chaka chino Tikondane Kalabu asailembe, tili ndi lole yathu. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinawauza kuti nthawi yolemeretsa anthu a kwina inatha. Mchemwali wako anachita makani pang'ono, akuti tidikire kaye, koma akazi ndi amantha pa zachitukuko.

Vuto linali msewu. Takambirana kuti Lachitatu ndi Loweruka lililonse khomo lililonse litulutse munthu mmodzi ndi khasu. Amene ajombe ndawauza kuti dzina lake ndiliyang'anitsitsa nthawi ya makuponi, ndipo mpaka lero palibe wajomba. Tayamba kuthira miyala pa khwawa la Kanyerere. Mtengo wa mango umene malemu bambo ako anabzala polowera pakhomo panu uyenera kugwa, apo ayi lole sikhota.

Undiuze kutalika ndi kutambalala kwa loleyo, ndi tsiku lofika. Mabelo a kalabu yonse akhala okonzeka kumayambiriro kwa Meyi. Usaope, sindinauze anthu ambiri, ndinangolengeza kutchalitchi.

Malume wako,
Y. Yobu, Mlembi

*

Boksburg
6 Epulo 2014

Achemwali,

Moni. Kalata iyi Lucious ndamuuza akupatseni m'manja mwanu, osati kwa amalume.

Ndawerenga zimene amalume alemba. Achemwali, ndikulumbira pa manda a bambo: ndilibe lole, ndilibe laisensi, sindinagwirepo chiwongolero cha galimoto yeniyeni chibadwire. Thamangani ku Santhe mukawapepese a Tariq, mwina akadali ndi malo. Mtengo wa bambo asaudule, chonde.

Ndikuvomera, za ntchito ndi za foni ndinanama. Tsiku limodzi lokha anthu khumi ndi anayi anandifulasha, aliyense ndi vuto lake, mpaka wina amene sindimudziwa ankafuna matayala a njinga. Ndinatopa, ndinasintha nambala. Koma ulendo uno ndikunena zoona.

Ndaikamo chithunzi china. Ichi ndamupempha mkulu uja andijambule cham'mbali kuti muone zonse. Muona tebulo, muona kanema, muona chiwongolero chomangidwa ndi zomangira ziwiri, muona mapazi anga ali m'mapatapata, ndi mphaka wa abwana atagona pansi pa mpando. Lole yake iti yokhala ndi makatani ndi mphaka? Muwaonetse amalume, muonetse kalabu yonse, andiseke, palibe kanthu.

Nambala yanga yeniyeni ndalemba kuseri kwa chithunzicho. Mukangolandira mundiimbire. Lucious akunyamuka mawa, ndiye pofika Lamulungu mukhala mwaiona.

Chancy

*

Lukwa
18 Meyi 2014

Chancy,

Moni ngati ukadali moyo. Miyezi iwiri yatha amalume chikulembereni, iwe zii. Lucious sanaoneke, kalata palibe, foni palibe. Kalata iyi ndapatsira mwana wa a Ezelina amene akubwera kumeneko kukasaka ganyu.

Amalume akuti kukhala chete kwako ndi umboni woti uli panjira. Ine poyamba ndinkakana. Ndinati mwanayu walemba yekha kuti ndi masewera. Koma anthu makumi anayi akamadzuka m'mamawa ndi makasu chifukwa cha mlongo wako, umayamba kuchita manyazi kukayika wekha. Ndiponso unatinamizapo kawiri. Ndinagwira khasu nanenso, ndipo ndikuuze zoona, ndinkanyada.

Msewu watha, ndipo ukauona sungakhulupirire. Kuyambira kumsewu waukulu mpaka pakhomo pathu, ngolo ziwiri zikupambanitsana bwinobwino. Pa Kanyerere tathira miyala, amuna ananyamula ndi mawilibala, amayi pamutu, masabata asanu. Msewu umenewu akhala akutilonjeza chisankho chilichonse kuyambira ndili mtsikana. Sabata yatha kunabwera mmodzi wa ofuna uphungu, anaima pakati pake, anajambulitsa, n'kuuza anthu kuti ichi n'chiyambi chabe cha ntchito zake. Tinamuimbira nyimbo, anatipatsa nsalu.

Mango a bambo anagwa pa 12 Epulo. Mayi sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Madzulo ake anangoti, “Bola mwana adzaime pakhomo.” Tsopano m'mawa uliwonse amasesa pamene panali mtengopo, akuti lole isadzaponde minga.

Ine ndadinda mabelo asanu ndi anayi, tsamba labwino loti sindinalimepo. Ali m'chipinda chako chija, ndawaika pa mitengo kuopa chinyezi. Makalabu a midzi ina anatumiza kale, ena mpaka alandira. Athu angokhala. Mbewa zayamba kuboola ziguduli, ndipo belo limodzi la pakona layamba kununkha mwina. Mavenda akuzungulira ndi masikelo awo, anunkhiza. Ena a m'kalabu agulitsako kale mobisa, amalume akudziwa koma akuyang'ana kumbali. Dzana Masautso anadutsa pa njinga pamsewu wako watsopanowu, anaima n'kundifunsa kuti, “Kodi adona a lole, hutala sinalirebe?” Ndinamuyankha zoti sindingalembe m'kalata.

Kwa mavenda sindigulitsa. Ndinalumbira. Koma ndikuopa, Chancy, sindikugona mtima uli m'malo. Msika sudikira munthu. Ngati ukubwera, bwera. Ngati pali china, ndiuze ine ndekha, ndine mchemwali wako, ndinakubereka kumsana.

Lonjezo

*

Lukwa
15 Juni 2014

Chancy,

Moni ndakupatsa kale pa foni dzulo, ndiye sindibwereza. Unangoti “achemwali” n'kuyamba kulira, mayunitsi anga n'kutha. Foni si yokalipirira munthu bwinobwino, n'chifukwa chake ndatenga pepala.

Kalata yako ya pa 6 Epulo yafika dzana. Masabata khumi! Lucious akuti anatsikira ku Dedza kwa mkazi wake wina kuti adikire chisankho chidutse, kenako anadwala malungo, kenako anaiwala kuti jekete lili ndi thumba lam'kati. Anandipatsa akumwetulira, n'kufunsanso ngati pali madzi akumwa.

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Tebulo. Makatani a maluwa. Mphaka. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misozi inapitirira yokha kuseka kutatha. Mudzi wonse unaswa miyala masabata asanu, mtengo wa bambo unagwa, fodya wanga akuwola, chifukwa cha munthu wovala mapatapata amene akuyendetsa tebulo.

Ndinapita nacho kwa amalume. Anavala magalasi, anachitembenuza, anachiyandikitsa kumaso. Ukudziwa zimene ananena? Akuti, “Eya, iyi ndiye ofesi. Apa m'pamene amaonera malole ake onse ali pamsewu. Ndimadziwa kuti si imodzi.” Ndinawauza kuti walumbira pa manda. Akuti munthu wolumbira chotero ndiye kuti chuma chake n'chachikulu zedi. Amalume sangabwerere, Chancy. Analengeza kutchalitchi, anaopseza anthu ndi makuponi. Kwa iwo lole yako iyenera kukhalapo, ngakhale iwe mwini wake ukane.

Mayi sindinawauze. Ndayesa kawiri, ndimawapeza ali ndi tsache m'manja.

Ndakwiya nawe, ndipo usaganize kuti zitha msanga. Sunaname ulendo uno, ndikudziwa. Koma chithunzi choyamba chija unachijambulitsa bwino dala, tebulo osaoneka. Undiuze chifukwa chake. Ine mawa ndikupalasa njinga kupita ku Santhe, ndikagwade kwa a Tariq. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ine ndinasiya lole yooneka n'kudikira ya pachithunzi.

Lonjezo

*

Boksburg
29 Juni 2014

Achemwali,

Moni. Kalata zanu zonse ziwiri ndalandira. Mwafunsa chifukwa chake, ndiye ndikuyankhani mosabisa.

Ndinajambulitsa dala, inde. Zaka zisanu ndi chimodzi ndilibe chithunzi choti ndingatumize. Ndikadatumiza chiti? Nditagwada m'maluwa a munthu? Ndikutola zonyansa za galu wake? Ndinkafuna mayi aone mwana wawo atakhala pampando, akupita kwinakwake. Ndinaganiza kuti achiika m'buku la nyimbo basi. Sindinaganize za amalume. Munthu akakhalitsa kunja amaiwala kuti kwathu chithunzi chimayenda ndi miyendo.

Masewera aja amasunga mtunda wonse umene wayenda. Tsiku limene munandiimbira foni lija ndinayang'ana: makilomita 84,000. Kuchokera pano kufika ku Lukwa ndi pafupifupi 2,000. Ndiye kuti ndikadafika kwathu maulendo makumi anayi ndi awiri. Ndinazimitsa kanema n'kutuluka panja.

Sabata yonse sindinakhalepo pampando uja. Mkulu uja anayamba kudandaula kuti dalaivala wake wanyanyala ntchito, ndipo mabisiketi sakukoma pakhonde. Lachisanu ndinakhalaponso. Sindikunamizani kuti ndasiya. Ndinanyamula matabwa, mvula inagwa, mawaipa anayenda uku ndi uku, ndipo kwa ola limodzi ndinaiwala kuti ndakuwonongerani chaka. Kenako ndinafika, ndipo ndinakumbukira.

Kubwera ndimafuna. Koma ndikangodutsa pachipata cha malire ndi mapepala anga akutha aja, andidinda chidindo choti ndisadzabwerenso, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndipo ndifika ndi chiyani? Anthu anakonza msewu wa lole, ine n'kutulukira ndi chikwama chimodzi pa kabaza? Amalume ndiwayang'ana bwanji? Amayi a m'mudzi amene ananyamula miyala pamutu?

Mundiuze za ku Santhe. Pepani, achemwali. Pepani chifukwa cha mango a bambo.

Chancy

*

Lukwa
24 Ogasiti 2014

Mlongo wanga Chancy,

Moni. Tilipo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndikuuze nkhani yathunthu.

A Tariq anandisiya pabenchi la sitolo yawo kuyambira m'mawa mpaka atabwerako kumzikiti masana. Atatuluka anandifunsa kuti, “Mayi, mwabwera pa lole ya achimwene anu?” Ndinati ayi, ndabwera pa njinga. Anaseka, koma si munthu woipa. Anati maulendo onse ndi odzaza mpaka kumapeto kwa Julayi, ndipo za amalume sakufuna kumvanso. Kenako anafunsa ngati n'zoona kuti pa Kanyerere tsopano pakudutsika. Nditavomera anati ndiye bola, ulendo womaliza adzatitengera, popeza sipakhala zodikira ngolo.

Ndinawauza amalume kuti lole ya a Tariq ibwera pa 5 Ogasiti. Iwo anamva mawu awiri okha, lole ndi tsiku. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti Chancy akufika Lachiwiri. Ndinayenda khomo ndi khomo kukana, koma anthu ankangonditsinzinira diso. Akuti banja lathu lonse ndi lodziwa kubisa.

Tsikulo linafika. Cha m'ma 10 koloko tinamva injini kutsidya kwa khwawa. Chancy, chikhalire Lukwa, lole inali isanalowepo m'mudzi muno. Inadutsa pa miyala yathu osatitimira, inabwera ndi fumbi lake pakati pa msewu, ndipo anthu anathamanga kuchokera m'madimba. Amayi a Chigwirizano anayala zitenje pansi. Nthungululu zinali zogonthetsa m'khutu. Amalume anavala jekete la pa Mgonero, ali patsogolo, akuiongolera ndi manja onse awiri ngati ndege. Inakhota bwinobwino pamene panali mango paja, n'kuima pamalo amene mayi akhala akusesa miyezi inayi.

Mayi ndinali ndisanawauzebe. Ndinalephera, ndipo mlandu umenewo ndi wanga. Anatuluka atavala chilundu chawo chatsopano, ndi mawondo awo aja, anathamanga. Sindinawaonepo akuthamanga chimwalirireni bambo. Anafika pachitseko cha dalaivala anthu onse asanafike.

Chitseko chinatseguka. Anatsika bambo wina wadazi, wamfupi, dzina lake Fumbani, wa ku Mzimba. Nthungululu zinazima imodziimodzi. Mayi anamuyang'ana, anasuzumira m'kati, anayang'ananso kumbuyo kwa mpando. Kenako anamupatsa moni mwaulemu, n'kufunsa kuti, “Nanga mwana wanga mwamusiya kuti?” Bamboyo anati, “Mwana wake uti, amama?”

Amalume sanachedwe. Anatembenukira kwa anthu n'kunena mokweza kuti, “Mumayembekeza kuti mwini malole ayendetse yekha? Watumiza wantchito!” Ena anaombera m'manja. Pachitseko panali patalembedwa dzina la a Tariq ndi zilembo zazikulu, koma amalume akuti imeneyo ndi nzeru ina yobisira. Mpaka lero theka la mudzi likukhulupirira, ndipo amalume ayamba kale kukamba zoti chaka chamawa timange mlatho pa Kanyerere.

Nkhuku imene mayi anakuphera anadya a Fumbani. Anaiyamikira kwambiri.

Fodya analowa ku okushoni sabata yomaliza. Mabelo awiri anabwezedwa chifukwa cha chuku, ndawathira kumunda. Asanu ndi awiri anagulidwa pa mtengo wa kumapeto kwa msika, woti Masautso atamva aseka. Aseke. Pepala linatuluka, ndipo pamwamba pake palembedwa Lonjezo. Ndalimata kukhoma. Likadakhala la Meyi likadakhala lonenepa, ndipo zimenezo sindikukhululukira chaka chino, mwina chamawa.

Tsiku lotsatira lole itapita ndinakhala pansi ndi mayi, ndinawauza zonse, ndi kuwaonetsa chithunzi chachiwiri chija. Ndinawafotokozera za kanema, za mzungu wa mabisiketi, za mvula yosanyowetsa, za msewu wopanda apolisi umene umakhazika mtima wako pansi. Ndinawawerengeranso zoti ukuopa kutulukira ndi chikwama chimodzi pa kabaza. Sanakwiye. Anangofunsa ngati m'masewera akowo muli msewu wofika kuno. Ndinati mulibe.

Anatsegula buku la nyimbo, anachotsa chithunzi cha lole chija n'kundipatsa kuti ndikasunge kwina. M'malo mwake anaikamo cha mapatapata. Ndinawafunsa kuti bwanji mukusankha chochititsa manyazichi. Analoza pansi pa tebulo ndi chala.

“Chinacho sichimaonetsa,” anatero. “Apa ndaona. Miyendo akadali nayo.”

Akusesabe, Chancy. Tsopano akuyambira kumsewu.

Ndine mchemwali wako,
Lonjezo